Galaja imene inadumpha malire: lipoti la zithunzi za pa ndege zimene tinalandira osaziyeza

Amayi ena anafika pa kauntala yathu m'mawa wina, kalata yochokera ku ofesi yathu yowerengera mitengo ya malo ndi nyumba ili m'manja ataipinda kanayi. Anali achikulire, oyankhula motsitsa, ndipo sanabwere kudzakangana ndi munthu. Anaiyala kalatayo n'kuika chala pa mzere umene unanena kuti mtengo wa malo awo wakwera chifukwa pa puloti yawo pamangidwa galaja.

"Pepani bambo, galaja imeneyi ndiye iti? Galimoto yanga imagona panja, dzuwa ndi chisanu zonse zimaithera pomwepo."

Ndinatsegula mapu pa kompyuta n'kuwatembenuzira sikirini kuti adzionere okha. Galaja inalipodi, denga lake lotuwa, ndipo mzere wachikasu wa malire unalidula chapakati, gawo lalikulu lili mbali yawo. Anayang'anitsitsa kanthawi, kenako anati, "Imeneyo ndi ya aneba, ndinaiona ikumangidwa. Mpanda umene uli pakati pathuwo anaumanga ndi malemu amuna anga." Ndinawalonjeza kuti ndifika ndekha, ndipo ndinalemba pa fayilo yawo kuti pasachitike china chilichonse mpaka nditaona ndi maso.

Ndimagwira ntchito ya mapu mu ofesi ya assessor, yowerengera mitengo ya malo ndi nyumba, mu county ina ku United States. County tingaiyerekeze ndi khonsolo ya boma kwathu ku Malawi, kungoti kuno msonkho wa malo ndi nyumba ndiwo msana wa zinthu zambiri: masukulu aboma, ozimitsa moto, misewu ya m'dera. Puloti iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo mapu athu amaonetsa malire a mapuloti atayalidwa pamwamba pa zithunzi zojambulidwa pa ndege. Zithunzizo si zimene kamera yatulutsa basi. Zimayamba zawongoledwa kaye, kuchotsa kupendekeka kwa ndege ndi kukwera ndi kutsika kwa nthaka, mpaka zitakhala ngati mapu oti munthu n'kuyezapo mtunda. Zikatero timazitcha orthophoto.

Bungwe la IAAO, la akatswiri owerengera mitengo ya malo, limalola kuti ofesi igwiritse ntchito zithunzi zotere m'malo moyendera khomo lililonse, bola zikwaniritse miyezo. M'tauni kadontho kalikonse ka chithunzi kaziimira mainchesi 6 a pansi, amene ndi pafupifupi masentimita 15, ndipo kumidzi mainchesi 12. Kumene kukumangidwa kwambiri azijambula zaka ziwiri zilizonse. Zina zimene zimalowa m'kontirakiti ndi zimene aliyense wa ntchito imeneyi amazidziwa pamtima. Ndege iuluke mitengo isanaphuke masamba, chisanu chitasungunuka, mitsinje isanasefukire, kopanda mitambo kapena utsi. Kuno nthawi imeneyi ndi yaifupi, masabata ochepa a kumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo. Dzuwa likhale litakwera madigiri 30 kapena kuposa, kuti mithunzi ya nyumba isabise zimene zili m'mbali mwake. Chithunzi chilichonse chiphimbe chinzake cha kutsogolo ndi magawo 60 pa 100, ndi cha m'mbali magawo 30 pa 100. N'chifukwa chake zithunzi zaulere za pulogalamu ya NAIP, zimene unduna wa zaulimi wa dziko lino umajambula, sizitithandiza kwenikweni m'tauni: zimajambulidwa mbewu zili m'munda ndi mitengo ili yobiriwira, ndiye shedi imene ili pansi pa mtengo simungaione.

Zonsezi kontirakiti yathu inali nazo, ndipo kampani imene tinaipatsa ntchito inazikwaniritsa. Zithunzi zinafika zokongola kwabasi. Munkatha kuwerenga mizere ya malo oimika magalimoto, kuona zingwe zoyanikira zovala, ngakhale galu atagona pa khonde. Zinabwera ndi lipoti la kampaniyo lonena kuti inaziyeza ndipo zili mkati mwa muyezo wa ASPRS, bungwe la akatswiri a zojambulajambula za m'mlengalenga, umene pa ntchito ngati yathu unkalola kuphonya kwa timadontho tiwiri, kapena kuti fiti imodzi. Chaka chimenecho ndalama zinali zothina, nthawi yotumiza makalata a mitengo yatsopano inali itayandikira, ndiye tinasaina kuti talandira popanda kutumiza woyeza malo wathu kukatsimikiza. Ndinali m'gulu la amene anavomereza zimenezi. Ndinayang'ana kuwala kwa zithunzi, ndinafufuza ngati misewu ikulumikizana bwino pamene chithunzi china chikukumana ndi chinzake, ndinaona kuti palibe mtambo. Koma funso loti kodi chinthu chilichonse chakhala pamalo pake enieni, ndinangokhulupirira pepala.

Tsiku lotsatira ndinapita kwa amayi aja pamodzi ndi woyeza malo wa county, bambo wachikulire amene wayenda mapuloti a m'tauni imeneyi kuyambira ine ndisanafike m'dziko lino. Ndi dera lakale, mapuloti ake ndi opapatiza, nyumba zoyandikana kwambiri. Bamboyo anayendetsa makina ofufuzira chitsulo m'mphepete mwa mpanda, analira pakona, ndipo atakumba pang'ono ndi fosholo anatulukira chitsulo cha malire, chadzimbiri koma chili chilili. Anapezanso china kumbuyo. Titakoka chingwe pakati pa ziwirizo, khoma la galaja linali mafiti pafupifupi 2 mkati mwa puloti ya aneba, amene ali chakumadzulo kwa amayiwo. Panalibe ngakhale njerwa imodzi imene inadumpha.

Aneba aja anatuluka atakwiya kale. Munthu wina anali atawauza kuti mapu a county pa intaneti akuonetsa galaja yawo ili pa malo a eni, ndipo anagona masiku angapo akuganiza kuti tabwera kudzawauza kuti aigwetse. Anthu awiri amene ankapatsana moni pa mpanda kwa zaka zambiri anali atasiya kuyankhulana. Woyeza malo uja anawaitana onse awiri, anawaonetsa zitsulo, n'kuwauza kuti, "Malire anu ndi awa, sanasunthe. Chimene chasuntha ndi chithunzi chathu." Mpaka lero ndikaganiza za nkhaniyi chimene chimandipweteka si nambala zimene tinalakwitsa, koma nkhope za anthu awiriwo ataima uku ndi uku kwa chingwe.

Pobwerera ku ofesi ndinkaganiza kuti vuto ndi kupendekeka kwa denga basi. Orthophoto wamba imawongola nthaka, osati zimene zaima pamwamba pake. Nyumba imene sinali pansi penipeni pa kamera imaoneka ngati yatsamira kumbali, ndipo ikatalika kutsamirako kumakula. Denga lokwera mafiti 12, likaonedwa mopendekeka ndi madigiri 15, limaoneka litasuntha mafiti oposa 3 pang'ono. Galajayo inalidi itatsamira chakum'mawa, ndipo mnzathu wachinyamata amene anaiona koyamba anajambula motsata denga, osati motsata pamene khoma lakhudza pansi. Popeza chilolezo chomangira galajayo sichinafike ku ofesi yathu, analibe china choyerekezera, ndiye anaipereka kwa mwini puloti imene inatenga gawo lalikulu la denga. Ndikanaimira pomwepa, ndikanakonza fayilo imodzi, n'kumulangiza mnyamatayo, nkhani n'kutha.

Chimene chinandiletsa ndi masamu. Kutsamira kwa mafiti 3 pa galaja imene ili mafiti 2 mkati mwa malire kukanadumphitsa fiti imodzi yokha, osati theka la denga. Ndinabwerera pa chithunzi n'kusiya madenga, ndinayamba kuyang'ana zinthu za pansi zokhazokha: tsinde la mpanda, m'mphepete mwa msewu, ngodya za tinjira ta simenti ta oyenda pansi. Kenako ndinayala zithunzi zatsopano pamwamba pa zakale n'kumazithimitsa ndi kuziyatsa. Tauni yonse inkadumpha. Zivundikiro zachitsulo za ngalande za mumsewu, zimene palibe amene anazisuntha, zinkapita kum'mawa ndikayatsa zatsopano, n'kubwerera kumadzulo ndikazithimitsa. Ndinayesa kumpoto kwa county, kum'mwera, kumidzi: chimodzimodzi, mafiti pafupifupi 4 kum'mawa ndi fiti imodzi kumpoto.

Apa panali chisankho choyamba cholemera. Zithunzi ziwiri zikasiyana, simudziwa cholakwa ndi chiti, ndipo mu ofesi ambiri ankakhulupirira zatsopano chifukwa zinali zowala bwino ndiponso zinali ndi lipoti. Ndinapeza kuti mnzanga wina, munthu wakhama, anali atayamba kale kusuntha mizere ya mapuloti m'madera awiri kuti igwirizane ndi mipanda ya pa zithunzi zatsopano. Iye ankaona ngati akukonza zolakwika zakale, ndipo pena sanali kunama, chifukwa mizere yathu ya m'madera akale inakopedwa kuchokera pa mapu a pepala ndipo ili ndi zophonya zake. Mzere wa amayi aja nawonso unali utalowa pang'ono chakumadzulo kuyambira kale. Koma mzere wa puloti umachokera m'zikalata za umwini ndi m'mapulani a oyeza malo. Mpanda munthu amamanga pamene wafuna. Ndinapempha abwana kuti aimitse kusintha kulikonse kwa mizere ndi kwa mafayilo a nyumba kochokera pa zithunzi zatsopanozo, tichotse zithunzizo pa mapu a pa intaneti n'kubwezerapo zakale, ndiponso tibwezeretse mizere ya madera awiri aja kuchokera pa kope limene tinasunga zithunzi zisanafike. Sanakondwere, chifukwa kalendala ya msonkho siidikira munthu, koma anavomera nditawaonetsa zivundikiro zija zikudumpha.

Kenako tinachita chimene tinayenera kuchita tisanasaine. Muyezo wa ASPRS wa 2014 unkafuna malo oyeserapo osachepera 20, ndipo umene unatuluka mu 2023 unakweza nambalayi kufika pa 30. Tinasankha 30, omwazikana mu county yonse, onse a pansi ndiponso ooneka bwino pa chithunzi: pakati pa chivundikiro cha ngalande, pothera mzere wa penti, ngodya ya simenti. Woyeza malo uja anawayeza ndi GPS ya oyeza malo, osaona nambala za pa chithunzi, ine ndinawerenga nambala za pa chithunzi osaona zake, kenako tinaziika pamodzi. Zithunzi zakale zinagwirizana ndi nthaka. Zatsopano zinaphonya, ndipo zinaphonyera mbali imodzi pa malo onse 30. Kwa anzanga a ntchitoyi, apa mpamene ndikufuna mumvetsetse: musamangoyang'ana nambala imodzi ya RMSE, yophatikiza zophonya zonse pamodzi, imene ili pansi pa lipoti. Yang'anani mzere ndi mzere, muone ngati zophonyazo zikumwazikana uku ndi uku kapena zikuloza kumodzi. Zomwazikana ndi chikhalidwe cha kuyeza kulikonse. Zoloza kumodzi zimatanthauza kuti pali chinthu chimodzi chimene chasokonekera penapake, ndipo chinthucho chimapezeka.

Anachipeza ndi bambo woyeza malo uja, atangoyang'ana pepala kwa mphindi zochepa. Malo alionse pa mapu athu ali ndi nambala ziwiri, ya kum'mawa ndi ya kumpoto. Anatenga pensulo, anachulukitsa nambala ya kum'mawa ndi 2, n'kugawa ndi 1,000,000. Anachitanso chimodzimodzi ndi ya kumpoto. Anandikankhira pepalalo n'kunena kuti, "Achimwene, awa agwiritsa fiti ina."

Dziko lino lakhala ndi mafiti awiri. Pali fiti imene mayiko anagwirizana mu 1959, yokwana mamita 0.3048 ndendende. Ndiye pali fiti yakale ya oyeza malo, US survey foot, imene ndi mamita 1200 kugawa ndi 3937. Kusiyana kwake ndi magawo awiri pa 1,000,000, mamilimita 3 okha pa mailo yathunthu. Poyeza khoma kapena puloti simungakuzindikire. Koma mapu a ma county amagwiritsa ntchito manambala a State Plane, osonyeza mtunda wa malo kum'mawa ndi kumpoto kuchokera pa malo amodzi oyambira, ndipo poyambira kuwerengapo anapaika kutali kumadzulo dala kuti manambala onse akhale oposa ziro. M'chigawo chathu nambala ya kum'mawa imazungulira mafiti 2,000,000, ndipo magawo awiri pa 1,000,000 a nambala imeneyi ndi mafiti 4. Ya kumpoto ili chapafupi ndi 500,000, ndiye fiti imodzi ija. Mabungwe a boma a NIST ndi NOAA analengeza kuti fiti yakaleyo isiye kugwiritsidwa ntchito kuyambira pa 1 Januwale 2023, koma mapu amene anamangidwa kale pa State Plane ya 1983 m'mafiti akalewo, ngati athu, akadali momwemo. Ma state ena, monga Oregon, Arizona ndi Michigan, anasankha kalekale fiti ya mayiko onse, ndiye kampani imene imagwira ntchito m'ma state ambiri imasinthasintha pakati pa awiriwa.

Kampaniyo inakonza zithunzi zathu m'fiti ya mayiko onse, koma chizindikiro cha m'mafayilo chinkanena kuti zili m'fiti yakale. Lipoti lawo silinaname: malo awo oyeserapo anadutsa mu pulogalamu yomweyo n'kusinthidwa mofanana, ndiye anagwirizana ndi zithunzi bwinobwino. Anadziyeza ndi muyezo wawo womwe.

Amene munagwirapo mapu akale a kwathu a 1:50,000 mukudziwa zimene zimachitika mukaika nambala ya GPS pa mapu a Arc 1950 (maziko akale owerengera manambala a malo) osaisintha: mumapezeka muli mamita mazana angapo kutali, mwina kutsidya kwa mtsinje. Cholakwa chotero chimadziulula chokha tsiku loyamba. Cha mafiti 4 n'choopsa kwambiri chifukwa n'chokhulupirika. Nyumba imakhalabe pa puloti yake, msewu umakhalabe pamalo pooneka ngati pake, ndipo aliyense woona kusiyanako amapeza chifukwa china chomveka: mizere yakale, denga lotsamira, mpanda wokhota. Ifenso tinali ndi zifukwa zonse zitatuzo, zonse zoona pang'ono, ndipo zinaphimba chachinayi kwa miyezi.

Chisankho chachiwiri chinali cha kakonzedwe. Pa kompyuta yanga ndikanatha kungosintha chizindikiro chija kuti chinene zoona, ndipo pulogalamu ya mapu ikanakhazika zithunzizo pamalo pake tsiku lomwelo. Ena mu ofesi anafuna zimenezo. Ndinakana, chifukwa zithunzi za county sizithera mu ofesi yathu. A zamisewu amazigwiritsa ntchito, a nambala ya ngozi ya 911 amazigwiritsa ntchito, oyeza malo ndi mainjiniya apadera amazikopera m'mapulogalamu awo, ndipo ena mwa mapulogalamuwo sawerenga n'komwe chizindikirocho, amangotenga manambala mmene alili. Seti imodzi ya zithunzi za m'fiti ina pakati pa zinthu zonse za county za m'fiti yakale ukanakhala msampha wodikira munthu wina zaka zikubwerazi. Tinapempha kampani kuti itulutsenso zonse m'fiti yoyenera, kuchokera pa zithunzi zoyambirira. Kuulutsanso ndege sikunafunike.

Pa nkhani ya ndalama tinakokanakokana. Titatsegula kontirakiti, tinapeza kuti tinangolemba kuti State Plane, NAD83 (maziko a 1983 amene manambala a mapu athu akhazikikapo), m'mafiti. Sitinanene fiti iti. Kampaniyo inaimirira pamenepo, ife tinaimirira pa chizindikiro chonama cha m'mafayilo awo. Tinagwirizana kuti iwo akonze popanda malipiro ena, ife tisenze mtengo wa kuyeza kwathu ndi wa kubwereza ntchito ya mu ofesi. Ndikuona kuti chinali chilungamo, ndipo injiniya wawo amene tinkayankhula naye sanabise kanthu atangoona manambala.

Malo oyeserapo aja anatipatsanso china chimene sitinkachifuna. Zithunzi zokonzedwa zitafika, pafupifupi onse analowa mkati mwa muyezo, kupatula ochepa a m'dera limodzi la m'mbali mwa phiri, kumene anali atadula chitunda pomanga msewu watsopano ndi mapuloti atsopano. Orthophoto imawongoledwa motsamira pa mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka, ndipo kampaniyo inagwiritsa ntchito akale, ojambulidwa chitundacho chisanadulidwe. Msewu unkaoneka wopindika pamene uli wowongoka. Anakonzanso deralo atayeza nthaka yake mwatsopano. Vuto limeneli likanabisalabe m'kati mwa lalikulu lija tikanangosintha chizindikiro n'kupitiriza.

Ntchito yowawa inali yobwerera m'mbuyo. Tinatulutsa mndandanda wa fayilo iliyonse imene inasinthidwa kuchokera tsiku limene zithunzi zinafika, n'kusankhamo zonse zokhudza chomangidwa chimene chili pafupi ndi malire a kum'mawa kapena a kumadzulo. Zambiri zinali bwino, chifukwa kukula kwa nyumba sikunasinthe, fiti iliyonse imapereka kukula komweko. Koma tinapeza mashedi ndi magalaja ena amene anapatsidwa kwa eni olakwika, onse m'madera akale a mapuloti opapatiza, ndipo palibe mwini wake ndi mmodzi yemwe amene anali atadandaula. Ena sanawerenge kalata, ena anaganiza kuti boma silingalakwitse. Lililonse la amenewa tinaliyendera ndi mapazi tisanalikonze. Amene anawonjezeredwa molakwika tinawalembera kalata yofafaniza ndi yopepesa. Amene chomangidwa chawo chinali chitathawira kwa aneba tinawalembera kuti mtengo wawo ukwera, ndipo mafoni amene anatsatira sanali ozizira. Aneba a amayi aja anali m'gulu limeneli. Anabwera okha ku ofesi, anafunsa mmene tawerengera, anasaina, ndipo potuluka anangopempha kuti tiwasindikizire mapu okonzedwawo kuti akawaonetse amayiwo.

Mnyamata amene anajambula galaja ija ndinakhala naye pansi, osati kuti ndimudzudzule, chifukwa anachita zimene tinamuphunzitsa. Tinasintha malangizo a ofesi: chomangidwa chilichonse chimene chikuoneka kuti chadumpha malire, kapena chili pafupi nawo kwambiri, sichiperekedwa kwa mwini aliyense kuchokera pa chithunzi cha pamwamba chokha. Woyang'anayo atsegule zithunzi zojambulidwa chammbali, zimene zimaonetsa pamene khoma lakhudza pansi ndi kumene chitseko chayang'ana, ndipo ngati chikaiko chilipobe, wina apite. Galaja ija chitseko chake chinayang'ana kanjira ka simenti kochokera ku nyumba ya aneba. Kanjirako kankaoneka pa chithunzi kuyambira tsiku loyamba.

Kontirakiti yotsatira ndinailemba ndekha gawo la miyezo. Dzina la fiti lalembedwa lonse, pamodzi ndi nambala yosinthira kupita ku mamita. Kampani itumize kaye zithunzi za dera laling'ono loyeserera isanakonze county yonse. Inene chaka cha mapu a nthaka amene yagwiritsa ntchito. Ndipo gawo lomaliza la malipiro silituluka mpaka woyeza malo wa county atayeza malo ake 30, amene manambala ake kampani siipatsidwa. Mtengo wa kuyezako tinauika mu bajeti ya ntchito yomweyo kuti chaka cha ndalama zothina usadzakhale woyamba kudulidwa. Boma la dziko lino linalengeza kuti lidzasintha NAD83 n'kubweretsa manambala atsopano a State Plane, amene sadzagwiritsanso ntchito fiti yakale, ndiye zigawo zonse za mapu athu zidzayenera kusamuka pamodzi. Malo 30 aja tawasunga, aliyense ndi chithunzi chake cha pansi, kuti tidzayezerenso pomwepo.

Amayi aja ndinawapititsira ndekha kalata yokonzedwa, popeza ndinali ndi ulendo wa kudera lawo. Anaiwerenga ataima pakhomo, anaipinda kanayi ngati yoyamba ija, kenako anandifunsa ngati n'kololedwa kupaka penti chitsulo cha pakona chija kuti chisadzasowenso. Ndinawauza kuti palibe choletsa, bola asachizule kapena kuchisuntha. Pamene ndinkabwerera ku galimoto, anali akuitana aneba pa mpanda kuwafunsa ngati ali ndi penti yofiira yotsala.